Ntchito za Manja: Yambani Mwawerenga Msoko Musanagwire Sikuluu



Chaka chilichonse mwezi wa Ramadhani ukamayandikira, makalata amene timalandira amasintha nkhani. Mafunso a kayezedwe ndi kadulidwe ka nsalu amachepa, m'malo mwake mumadzaza madandaulo a makina osokera amene ayamba kuvuta pa nthawi imene ntchito yachuluka. Mayi wina wa ku Malindi walemba kuti makina awo akusanza ulusi kunsi kwa nsalu, mwakuti bambo a kunyumba kwawo akuti angowagulitsa. Mnyamata wina wa ku Nkhotakota, amene akuphunzira utelala kwa amalume ake ku Bangwe, akuti ulusi ukungoduka asanamalize ngakhale mkono umodzi wa malaya. Ndiye pali bambo wina wa ku Makanjira amene sasoka n'komwe, koma wakwiya zedi: mkanjo umene anasoketsa pakhonde lina ku Limbe unamasuka msoko wa m'khwapa m'mawa wa Idi weniweniwo, anthu atadzaza pabwalo.

Anthu atatuwa akudandaula nthenda imodzi. Matelala amaitcha tenshoni. Ife tinene kuti ndi kakungidwe ka ulusi, monga mmene munthu amakungira chingwe choyanikapo zovala: chikakhwepa zovala zigwa m'dothi, chikakungika kwambiri chiduka. Ubwino wake ndi wakuti msoko umanena wokha pamene pali vuto. Wodziwa kuuwerenga amakonza makina ake pa mphindi zochepa osalipira ndi tambala yomwe. Wosadziwa amathamangira kupotoza masikuluu, n'kuononga ndi pamene panali bwinobwino.

Amene munayendapo mu msewu wa Haile Selassie ku Blantyre, kapena m'misewu yozungulira msika wa Limbe, mukulidziwa phokoso la makina a pakhonde. Ambiri mwa afundi amenewa kwawo ndi kwathu konkuno, ku Mangochi, Machinga ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja. Kale telala ankakhala pakhonde pa sitolo ya Mmwenye, kuti munthu agule nsalu m'kati, akatuluka ayezetse pompo. M'zaka za m'ma 1970, boma litalamula amalonda Achimwenye kuti achoke m'madera a kumidzi n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu, matelala enanso anatsata makondewo. Lero muwapeza ku Ndirande, Chirimba, Zingwangwa, Mbayani ndi Machinjiri, ndipo ana awo ena akusoka ku Johannesburg ndi ku Durban. Mukawayang'anitsitsa afundi akale amenewa muona kuti akalandira nsalu yatsopano sayamba ndi chovala. Amatenga kaye kachidutswa, kupinda pawiri, kusokapo, kutembenuza, kuyang'ana, ndiye n'kuyamba ntchito. Phunziro lathu lonse lagona pa kachidutswa kameneko.

Makina akuda a gudumu amene ali m'nyumba zambiri, kaya alembedwa Singer, kaya Butterfly ya ku Shanghai, kaya Usha ya ku India, m'kati mwake ndi pachibale. Ambiri anatengera kapangidwe ka Singer nambala 15, imene inayamba kupangidwa mu 1879. Mukamva kuti makina anu ndi 15K, dziwani kuti K ameneyo akuimira Kilbowie, malo a fakitale yaikulu ya Singer ku Clydebank m'dziko la Scotland, imene inatsekedwa mu 1980. Chodabwitsa n'chakuti Clydebank ili m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, mtsinje womwewo umene umadutsa pa Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, kumene kunachokera dzina la mzinda wathu mu 1876. Ndipo ulusi wotchuka wa Coats unayambira ku Paisley, pafupi pomwepo. Koma tisataye nthawi ndi mbiri. Chofunika n'chakuti zimene tinene panozi zikugwira pa makina onsewa, ngakhalenso a magetsi, chifukwa msoko wake ndi umodzimodzi kuyambira pamene Elias Howe anaulembetsa ku boma la America mu 1846.

Msoko umenewu uli ndi ulusi uwiri. Wina umachokera pamwamba, pa mpukutu, n'kudzera m'singano. Wina umachokera pansi, pa bobini imene imakhala m'kachikho kachitsulo. Singano imatsika ndi ulusi wapamwamba kuboola nsalu. Ikayamba kukwera, ulusi uja umatsalira pang'ono n'kupanga kakhwekhwe. Pansipo pali kambedza kamene kamakola kakhwekhweko n'kukazungulitsa kachikho ka bobini konse, moti ulusi wapamwamba umakolowekana ndi wapansi. Kenaka kadzanja kaja kamakwera ndi kutsika kutsogolo kwa makina kamakoka ulusi wapamwamba kuti mfundoyo ikwere, ikabisale pakati penipeni pa nsalu ziwirizo.

Inu a kunyanja izi sizachilendo. Pokoka khoka pamakhala magulu awiri, lina chingwe ichi, lina chingwe icho. Akakoka mofanana, pakati pa khoka pamafika pagombe molunjika. Gulu limodzi likaposa linzake mphamvu, khoka limabwera chopendekera ndipo nsomba zimathawira mbali yofookayo. Ulusi uwiriwu ukukokananso chimodzimodzi, ndipo mfundo imapita kumbali ya umene wapambana. Wapamwamba ukakungika kwambiri, mfundo imatulukira pamwamba pa nsalu. Wapamwamba ukafooka, mfundo imatsalira kunsi.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokera. Mayi a ku Malindi aona ulusi utapiringizana kunsi kwa nsalu ngati chisa cha mpheta, ndiye aganiza kuti poti vuto laonekera pansi, wolakwa ndi bobini. Ayi mayi. Ulusi umene mukuuona kunsiwo ndi wapamwamba. Taganizani: kadzanja kaja kakamakwera kakufuna ulusi, ndipo kali ndi malo awiri okautenga. Kakhoza kukoka kakhwekhwe katsala pansi pa nsalu kaja, kapena kakhoza kukoka ulusi watsopano ku mpukutu. Makina alibe nzeru, amangotenga kumene kuli kofewa. Ntchito ya timbale tiwiri timene ulusi umadutsa pakati pake, timene timapanikizidwa ndi sipuling'i ndi kanati, ndi kugwira ulusi wochokera ku mpukutu kuti usabwere mosavuta, kuti kadzanjako kakakamizike kukoka wa pansi uja. Timbaleto tikapanda kugwira, kadzanja kamangotenga ulusi watsopano, ndipo timakhwekhwe tonse timatsala lende kunsi kwa nsalu. Mukamvetsa zimenezi mwamvetsa theka la utelala wa makina.

Tsono njira yosavuta yodzionera nokha nayi. Ikani ulusi wakuda pamwamba ndi woyera pa bobini, koma ukhale wa mtundu umodzi ndi kukula kumodzi. Tengani chidutswa cha nsalu yomweyo imene mukufuna kusoka, pindani pawiri, musoke mzere wotalika ngati chikhatho. Msoko wabwino uonetsa wakuda wokhawokha pamwamba, woyera wokhawokha kunsi. Mukaona timadontho toyera pamwamba, ulusi wakuda utangogona chowongoka ngati waya, wapamwamba wakungika kwambiri. Mukaona timadontho takuda kapena timakhwekhwe kunsi, wapamwamba wafooka. Pa nsalu yopyapyala kwambiri mfundo imasowa pobisala, choncho kadontho kakang'ono kooneka mbali zonse ziwiri mofanana musade nako nkhawa.

Koma musanakhudze kanati kalikonse, imani kaye. Kawirikawiri makina amene dzulo amasoka bwino ndiye lero akusanza ulusi, tenshoni yake sinasinthe. Masikuluu sayenda okha usiku. Chasintha ndi china.

Choyamba kukayikira ndi kalowetsedwe ka ulusi. Makinawa anapangidwa kuti mukakweza kaphazi kopondereza nsalu, timbale tija timatsegukira, mukatsitsa timatsekeka. Munthu akalowetsa ulusi kaphazi kali pansi, ulusiwo sulowa pakati pa timbale, umangotsetsereka m'mphepete. Maso aona ngati zonse zili m'malo, koma palibe chimene chikuugwira. Chotsani ulusi wonse, kwezani kaphazi, mulowetsenso kuyambira pa mpukutu mpaka pa singano osadumpha kangowe ndi kamodzi komwe. Mukatero yesani ndi dzanja: kaphazi kali m'mwamba ulusi ubwere mofewa mukaukoka, kaphazi kali pansi ulimbe. Ngati palibe kusiyana, simunalowetse bwino, kapena pakati pa timbale pali chinthu. Tikhulupirira kuti mayi a ku Malindi akangochita zimenezi, nkhani yogulitsa makina ithera pomwepo. Kumbukiraninso kuti posoka nsalu yokhuthala n'chapafupi kuiwala kutsitsa kaphazi, chifukwa kamaoneka ngati katsika kale. Zotsatira zake ndi chisa chomwecho.

Chachiwiri ndi singano. Nambala za pa pepala la singano, monga 90/14, zili ndi tanthauzo: 90 akunena kuti singanoyo ndi yonenepa mamilimita 0.9, ndipo 14 ndi nambala imene matelala ambiri amaitchulira. Nsalu zopyapyala za mipango ndi mahijabu zimafuna 70/10 kapena 75/11, chitenje ndi nsalu za malaya 90/14, khaki ndi jinzi 100/16 kapena 110/18. Ulusi wonenepa m'singano yaing'ono umapanikizika pa diso, umanyenyeka, n'kuduka, ndipo munthu amanamizira tenshoni. Singano ili ndi kangalande kakatali mbali imodzi, kamene ulusi umabisalamo potsika. Ulusi uyenera kulowera mbali ya kangalandeko. Mukaika singano chozondoka, kapena osaifikitsa m'mwamba mpaka itagunda, makina adula ulusi kapena adumpha misoko. Kwa mnyamata wa ku Bangwe tikuti: yamba wasintha singano, mwana wathu, usanawauze amalume kuti makina awo afa. Singano yobuntha kapena yopindika pang'ono sioneka ndi maso, koma imamveka ndi khutu, imati thi thi thi poboola nsalu.

Chachitatu ndi litsiro. Nsalu iliyonse imasiya tiubweya, ndipo tiubweya timeneti timasonkhana pakati pa timbale, pansi pa kasipuling'i ka kachikho ka bobini, ndi m'mano okoka nsalu. Kachidutswa ka ulusi kakang'ono ngati nsabwe kakakhala pakati pa timbale, timbaleto sitigundana, ndipo ngakhale mumange kanati mpaka kumapeto ulusi udzakhalabe wofooka. Kwezani kaphazi, pindani kansalu koyera kopanda ubweya, mukalowetse pakati pa timbale n'kukakoka uku ndi uku. Musathiremo oyilo m'menemo. Ndipo pena paliponse pa makina musathire mafuta ophikira, chifukwa akauma amasanduka ulimbo. Kwathu kunyanja mdani ndi mchenga umene umabwera ndi mwera. Ku Blantyre ndi ku Limbe mdani ndi chinyezi, makamaka chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, chimene chimabweretsa dzimbiri pa timbale ta makina ogona pakhonde osafunditsidwa. Dziwaninso kuti Idi imabwerera m'mbuyo masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Mu 2024 Idi yomasula inagwa mu Epulo, mu 2025 kumapeto kwa Malichi, kutanthauza kuti ntchito yaikulu yosoka yayamba kukumana ndi nyengo ya mvula. Funditsani makina, ndipo ulusi musunge m'chitini chotseka. Ulusi wa thonje wokhalitsa padzuwa kapena pachinyontho umafumbwa. Uyeseni pokoka ndi manja: ukaduka mosavuta, palibe tenshoni imene ingaupulumutse.

Pali chinanso chimene chafala masiku ano. Ulusi wa mipukutu ikuluikulu yosongoka pamwamba, imene amati makoni, umatsika mtengo poyerekeza ndi timipukutu ting'onoting'ono, choncho ambiri akugula umenewo. Palibe cholakwa, koma koni sinapangidwe kuti izizungulira pa kamsomali ka pamwamba pa makina. Ndi yolemera, ndipo ikamazungulira imakoka ulusi modukizadukiza, msoko n'kumatuluka pena wolimba pena wofooka. Ulusi wa pa koni uyenera kuvundukuka chokwera m'mwamba. Ikani koniyo m'kapu kapena m'chitini kumbuyo kwa makina, mupinde waya wokhala ndi kangowe pamwamba pake, ulusi uyambe wakwera kenaka utsikire ku makina. Samalaninso: ulusi wina wa pa koni ndi wa makina a ovaloko, wopyapyala, woyenera kumangira m'mphepete mwa nsalu osati kugwira msoko wa thalauzi. Bobini nayonso ikulungidwe mosalala ndi makina, osati ndi manja, ndipo isadzaze mpaka kusefukira. Chizolowezi chokulunga ulusi watsopano pamwamba pa wakale wa mitundu itatu n'chimene chimadula ulusi pakati pa ntchito.

Zonsezi zikakhala bwino koma msoko ukadali wopendekera, ndiye pamene mugwire kanati ka timbale. Tsitsani kaphazi. Kupotozera kumanja, monga mmene imayendera mivi ya wotchi, ndi kukunga. Kupotozera kumanzere ndi kukhwefula. Pa makina a magetsi a masiku ano pali manambala 0 mpaka 9, ndipo ntchito zambiri zimasokeka pakati pa 3 ndi 5. Makina ambiri akuda alibe manambala, ndiye ikani kadontho ka penti kapena kachizindikiro pa kanatiko kuti mudziwe pamene munayambira. Potozani pang'ono, musoke mzere, muyang'ane, mupotozenso. Kuthamanga sikufika. Amene amapotoza maulendo atatu nthawi imodzi amadumpha malo abwino osadziwa, n'kuchoka pa vuto la kufooka kukagwera pa vuto la kuduka.

Nanga kasikuluu ka pa kachikho ka bobini? Afundi ena amalumbira kuti kameneka sikakhudzidwa mpaka kalekale. Ife sitikugwirizana nawo kwenikweni. Kanaikidwa kuti kazipotozedwa, koma kakhale komalizira, ndipo kamafunika mwa apo ndi apo, monga pamene mwasintha kuchoka pa ulusi wamba kupita pa wonenepa, kapena mwagula kachikho katsopano. Yambani mwayesa motere. Ikani bobini yodzaza m'kachikho, ulusi udutse pa kampata n'kulowa pansi pa kasipuling'i kathyathyathya mpaka umveke kuti wakhala. Gwirani nsonga ya ulusi, kachikho kalendewere, dzanja lina litchinge pansi. Kachikho kakangoti see kutsika kokha mpaka pansi, ulusi wafooka. Kakakana kusuntha ngakhale mugwedeze, walimba kwambiri. Kabwino kamaima, ndipo mukagwedeza dzanja pang'ono kamatsika pang'ono n'kuimanso.

Pofuna kusintha, khalani pansi, muyale nsalu yoyera kapena muike mbale pamiyendo. Kasikuluu kameneka ndi kakafupi kwambiri, ndipo kakagwera mumchenga wa ku Makanjira mudzakafuna mpaka Idi inayo. Pa tizikho tina pali masikuluu awiri: kamodzi kamangogwira sipuling'i kumapeto kwake, kosinthira ndi kamene kali pafupi ndi potulukira ulusi. Potozani pang'ono ngati muvi wa wotchi ukuchoka pa 12 kufika pa 1 kapena pa 2, basi, kenaka muyesenso. Gwiritsani ntchito kasikuludalaivala koyenera, osati nsonga ya mpeni kapena lumo, chifukwa mutu wa kasikuluuko ukaphwanyika ndiye kuti mugula kachikho kena. Mayi amene amasoka zinthu zosiyanasiyana angachite bwino kukhala ndi tizikho tiwiri, kena ka ulusi wamba kamene sakakhudza, kena koyeserera.

Tsopano tibwerere kwa bambo a ku Makanjira, chifukwa nkhani yawo ikukhudza ndi amene sanagwirepo makina. Kodi msoko wooneka bwino m'sitolo umadukiranji tsiku loyamba? Msoko wolingana uli ndi kotambasukira. Ulusi uliwonse umatsika kulowa m'nsalu n'kukweranso, choncho nsalu ikakokedwa, ulusiwo uli ndi kapadera kopereka. Koma wapamwamba ukakungika kwambiri umangogona mowongoka pamwamba pa nsalu, wopanda kotambasukira, ndipo munthu akakweza manja, akawerama kapena akagwetsa mphumi pansi pa Swala, ulusi umodziwo umasenza mphamvu yonse n'kuti thu. Ukaduka malo amodzi, umasololoka wonse chifukwa sunamangike m'kati. Mkanjo ndi chovala chimene chimagwira ntchito yaikulu m'khwapa ndi kumsana kuposa malaya wamba, ndipo telala wanzeru amadutsa kawiri pamenepo.

Mukapita kukatenga chovala, musachite manyazi kuchitembenuza pamaso pa afundi. Gwirani mbali ziwiri za msoko mukoke ngati mukufuna kuutsegula. Ukasekerera, ulusi n'kumaoneka ngati makwerero, ndiye kuti ulusi wonse uwiri ndi wofooka. Kenaka kokani motsata utali wa msokowo, mumve ngati pali kulira kwa ulusi woduka. Yendetsani chikhadabo pa ulusi mbali zonse: ukamakodwa n'kutukuka, sunakhale. Yang'anani m'khwapa, pakati pa miyendo ya thalauzi ndi pakamwa pa matumba. Fundi weniweni sakwiya ndi zimenezi. Wokwiya akudziwa chimene wabisa. Komabe tinene chilungamo: nafenso makasitomala tili ndi mbali yathu. Timasunga nsalu m'sutikesi mwezi wonse wa Shabani, n'kukaitula kwa telala kutatsala masiku atatu, ya bambo, ya mayi ndi ya ana asanu, ndiye tikufuna zonse mawa. Telala nayenso, poopa kubweza ndalama, amalandira zoposa mphamvu zake. Munthu amene akusoka usiku ndi nyali, akuchoka pa chitenje kupita pa nsalu yoterera ya hijabu osapuma, nthawi ya kachidutswa koyesera aipeza kuti?

Pajatu nsalu iliyonse ili ndi khalidwe lake. Chitenje cha thonje, monga zimene zimatuluka ku fakitale ya David Whitehead ku Makata, imene a Mapeto anaigula mu 2003, sichivuta kusoka, koma chimabwerera chikachapidwa koyamba. Ulusi wa poliyesita subwerera nawo mofanana, choncho msoko umene unali wosalala ukhoza kuchita makwinya chovala chikauma. Chapani ndi kusita chitenje musanadule. Nsalu zopyapyala zoterera za mahijabu ndi madilesi a pa ukwati ndiye zimaliritsa ophunzira, chifukwa zimakwinyika msanga. Pa zimenezi khwefulani ulusi wapamwamba, ngati n'kofunika ndi wapansi womwe pang'ono, ikani singano yaing'ono yatsopano, muchepetsenso mphamvu ya kaphazi pa sikuluu ya pamwamba pa mutu wa makina. Ena amayala pepala lopyapyala pansi pa nsalu n'kusokera limodzi, kenaka kuling'amba. Imeneyi ndi nzeru yabwino, koma pa nsalu yoyera musayale nyuzipepala, inki yake imadetsa. Jinzi imafuna zosiyana: singano yaikulu, msoko wautali ndi ulusi wapamwamba wokungikirapo kuti uthe kukweza mfundo m'nsalu yolimbayo. Zovala za kaunjika zotamuka, zimene anthu amabwera nazo kuti achepetse, nkhani yake ndi ina. Msoko wowongoka sutamuka, choncho umaduka ngakhale tenshoni ikhale yabwino bwanji. Ngati makina anu ali ndi zigizagi gwiritsani ntchito imeneyo, ngati alibe muuzeni mwiniwake zoona zake asanakusiyireni chovala.

Njira ina imene afundi akale amayezera ndi yodula dala. Sokani mzere chopingasa nsalu, kuchokera pa ngodya ina kupita pa inzake, kumene nsalu imatamuka kwambiri. Gwirani mapeto onse awiri mukoke mpaka ulusi uduke. Umene wayamba kuduka ndi umene walimba kuposa unzake. Ukaduka wonse uwiri pamodzi, makina ali bwino.

Kwa anyamata athu amene akulota za ku Joni kapena za m'mafakitale a ku Chirimba ndi ku Makata tinene mawu awiri. Kumeneko mukakumana ndi makina a Juki a ku Japan ndi ena ofanana nawo, amene amatha kuboola nsalu maulendo oposa 5,000 pa mphindi imodzi. Timbale, sipuling'i ndi kachikho ndi zomwezi, koma pa liwiro limenelo kalakwidwe kakang'ono kamaononga mtolo wa malaya musanaphethire. Singano yake ndi yozungulira kumutu konse, ilibe mbali yophwatalala yokutsogolerani ngati ya makina a kunyumba, choncho muyenera kudziwa nokha kumene kangalande kayang'ane. Kaya mwaphunzira pakhonde pa amalume, kaya m'maphunziro a bungwe la TEVETA limene linakhazikitsidwa mu 1999, bwana wa fakitale sadzayamba ndi pepala lanu. Adzakupatsani chidutswa kuti musoke, n'kuchitembenuza.

Zilipo nthenda zimene si za kunyumba. Pambali pa timbale pali kawaya kopindika kamene kamagwedera ulusi ukamadutsa. Ntchito yake ndi kugwira ulusi kuti usalendewere singano isanalowe m'nsalu. Kakathyoka kapena kakafooka, msoko sungakhale bwino ngakhale mupotoze tsiku lonse, ndipo kamafunika kusintha. Makina amene asoka zaka makumi angapo, ulusi umakumba kanjira pa timbale kapena pa sipuling'i ya kachikho, moti sizigwiranso mofanana. Singano ikathyokera m'kati imasiya chipsera pa nsonga ya kambedza kapena pa bowo la kachitsulo kamene singano imalowapo, ndipo chipseracho chimacheka ulusi ngati lezala. Makina akamadumpha misoko singano ili yatsopano ndi yoikidwa bwino, ndiye kuti kambedza ndi singano sizikukumana pa nthawi yake. Zimenezi pitani nazo kwa makaniko. Safunsa anadya phula.

Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zonsezi, poti ndi zochokera kunja, zinakwera mtengo, ndipo ulendo wochokera ku Mangochi kupita ku Limbe si wobwereza kawiri chifukwa cha kachitsulo kolakwika. Choncho mukamapita kukagula, tengani chakalecho m'thumba mukayerekeze. Bobini ya makina a m'fakitale ndi ya makina akuda a kunyumba zimafanana kukula kwake mukaziyang'ana pamwamba, koma ya m'fakitale ndi yopyapyala, ndipo mukaiika m'kachikho ka kunyumba imagwederamo n'kumapereka ulusi mosalongosoka. Tizikhonso timasiyana kumene kanyanga kake kaloza. Mukamatumiza mutu wa makina kwa makaniko, siyani pansi pa kaphazi chidutswa chimene mwasokapo ndi ulusi wa mitundu iwiri, ndipo ulusi, singano ndi bobini zikhale momwemo mmene zinalili pamene vuto limachitika. Akakonza, asoke pa nsalu yanu inu mukuona, pa yopyapyala ndi pa yokhuthala, musanapereke ndalama.

M'kope likudzali, Insha Allah, tidzakamba za kadulidwe ka kolala ya mkanjo, poyankha alongo athu a ku Salima amene anatifunsa.